Tsiku Limene Mvula Inatsekeredwa M'ndende

Padangotero, chaka chija mtsinje unagumula khoma ladothi lotchinga madzi n'kukokolola madimba onse a nyama. Chimanga, nyemba, ngakhale mphika wa Mayi Nungu, zonse zinapita. Mtsogoleri Njati anafika patatha masiku atatu, madzi ataphwa kale, n'kulengeza kuti amene wagumulitsa khomalo amuponyera Ng'ona.

Mfuko anaimirira msangamsanga. Kanyama kakuba kameneka, ndikuuzeni, ndi kamene kanadzaza khomalo ndi mauna popita kukaba mbatata.

"Bwana, tisapupulume," anatero Mfuko. "Tikhazikitse komishoni yofufuza. Ine za pansi ndimazidziwa."

Anamupatsadi upampando. Mpaka lero zimandinyansa.

Anayamba ndi Mvuu. "Achimwene, si inu mumapondaponda pakhoma paja?" Mvuu anangoyasamula. Mfuko ataona mano aja anati, "Mwayankha bwino, pitani." Anaitana Nyani wa chipani chotsutsa. Nyani analalata mpaka dzuwa kupendeka kuti wolakwa ndi boma, koma yankho lotere ndani akanapita nalo kwa Njati?

M'mawa mwake Mfuko anatulukira ndi ndowa ya madzi amvula.

"Wolakwa ndi uyu, bwana. Mvula. Iwe, ukukana?"

Ndowa ili duu.

"Mwaona? Manyazi amugwira."

Nyama zinaomba m'manja, koma Njati anaganiza kaye. "Kumuponya mumtsinje n'kumubwezera kwa abale ake. Akhale m'ndende. Apampando, nyumba yanu ndi yapansi, ilibe zenera. Mutisungire."

"Bwana, kwathu n'kopanikiza..."

"Pamodzi ndi onse amene anamuthandiza," anatero Njati.

Njovu anapopa zithaphwi zonse ndi chitamba n'kukhuthulira muuna wa Mfuko. Posakhalitsa Mayi Nungu anakuwa kuti akaidi akuthawa. Madzi anali kutulukira m'mabowo khumi pa chigawo cha khoma chimene chinatsala, atasenza makoko a mbatata.

Maso onse anali pa Mfuko. Ng'ona anayamba kumeza malovu.

"Nkhani yakula iyi," anatero Mfuko. "Ikufunika komishoni ina. Wapampando akhale wamkulu weniweni, osati ine."

"Ndiye ndine," anatero Mvuu.

"Ulendo uno ndi wa otsutsa," anatero Nyani.

Njovu anangokhala pampandopo, mpando n'kuthyoka. Nyama zinagwirana pakhosi. Pamene fumbi linkatha, pomwe panaima Mfuko panali kamulu ka dothi lofukulidwa kumene.

Ng'ona anagona ndi njala. Khoma silinamangidwe, mitambo yayambanso kuda, ndipo lipoti tikulidikirabe.