Abakha Osamba Fumbi

M'dimba langa la kuseri kwa nyumba ku Chinamwali, lija anthu odutsa amaima n'kumasuzumira pampanda chifukwa cha kubiriwira kwa mpiru, munali thadzi lamantha lotchedwa Nabiyeni ndi bakha wamakani wotchedwa Nasiwale. Awiriwa sankalimbirana chakudya kapena pogona. Mkangano wawo unali wa madzi, ndipo unayamba chifukwa cha ana asanu amene onse awiri ankawakonda.

Anawo anali abakha. Mayi wawo anagwidwa ndi vumbwe atangomaliza kuikira mazira, nthawi imeneyo khola langa lisanakhale lawaya ndi chitseko cholimba ngati lilili lero. Ndinatenga mazirawo n'kufungatiritsa Nabiyeni, ndipo iye anapirira ngakhale anachedwa kuswa kuposa a nkhuku. Ataswa, anaona timilomo tathyathyathya ndi timapazi ta zala zolumikizana, koma sanafunse kanthu. Anangoti, "Ndi anga."

Vuto la Nabiyeni linali lakuti kale mwanapiye wake wina anamira m'ndowa iye akuona. Choncho anakhazikitsa lamulo lakuti madzi ndi akumwa basi, kadontho kamodzi, mutu m'mwamba, n'kuchokapo. Ankawadyetsa madeya ouma, ndipo masana ankawatengera pansi pa mpapaya kukawaphunzitsa kusamba fumbi.

Nasiwale anali mlongo wa bambo wa anawo, motero anali azakhali awo. Tsiku lina anawapeza akugubuduka m'fumbi, akuyetsemula.

"Alamu, kodi mukuwasambitsa kapena mukuwakwirira?" anafunsa Nasiwale.

"Ineyo ndakula ndikusamba chonchi, ndipo nsabwe sizindidziwa," anayankha Nabiyeni.

"Inuyo ndinu nkhuku. Awa ndi ana a achimwene anga. Bakha amafuna madzi oti aviikemo mutu wonse, atsuke maso ndi mphuno. Taonani Kamtedza uyo, manthongo am'mata maso!"

Zinalidi choncho. Kamtedza, chitsirizira wa onse, ankayenda akugunda mitengo ya tomato, timphuno titatsekeka ndi madeya, ndipo pomeza ankatsamwa. Nabiyeni anam'pukuta ndi mlomo wake, mtima ukumuwawa, koma anakakamirabe. "Bola manthongo kusiyana ndi maliro," anatero, n'kuwasonkhanitsa anawo pansi pa mapiko.

Nasiwale sanali woti n'kugonja. M'mawa wina, Nabiyeni ali kalikiliki kupalasa nyongolotsi pamulu wa manyowa, iye anawanong'oneza anawo kuti amutsatire. Anawatsogolera kubeseni lalikulu limene ndimatungamo madzi othirira ndiwo, lomwe kunja kwake kunali mulu wa dothi wosavuta kukwera.

"Azakhali, amayi anatiletsa," anatero Kamtedza.

"Amayi anu ndi abwino, koma nzeru zawo zimathera pafumbi. Lumphani!"

Chubwi! Chubwi! Onse asanu analowa. Timapazi tija tinayamba kupalasa tokha popanda wophunzitsa, ndipo anawo ankaviika mitu, kuvuuka, n'kumaseka. "Azakhali, ndikuona! Ndikuona mpaka nyerere pampanda!" anakuwa Kamtedza. Nasiwale anatukumuka, n'kumayendayenda m'mbali mwa beseni ngati mwini dimba.

Koma panali chinthu chimene Nasiwale sankachidziwa, pakuti iye anakulira pansi pa mapiko a bakha. Nthenga za bakha wamkulu zimakhala ndi mafuta, ndipo mayi akamafungatira ana ake amawapakako, n'chifukwa chake madzi sawalowerera. Ana a Nabiyeni analibe mafuta amenewo. Posakhalitsa ubweya wawo unamwa madzi ngati thonje, anayamba kulemera ndi kuzizidwa, ndipo atafuna kutuluka, m'mbali mwa beseni munali moterera ndiponso motalika.

"Amayi! Amayi!" analira anawo.

Nasiwale anasolola khosi kuti awakoke, koma mlomo wake unkangoterereka pamisana yawo yonyowa. Anafuna kulowamo, koma anaona kuti ndi thupi lakelo awapondereza pansi onse. Makani onse anathera pomwepo. "Alamu! Thamangani, alamu, ndalakwa ine!"

Nabiyeni anafika akuuluka chapansipansi. Ataona madziwo anaima, pakuti anakumbukira ndowa ija. Koma ataona mutu wa Kamtedza ukumira n'kuvuuka, anatsinzina, n'kudziponya pakona ya beseni. Madzi anam'fika m'khosi.

"Kwerani pamsana panga, mmodzimmodzi! Musakankhane! Kamtedza, gwira phiko, mwanawe!"

Anawo anakwera pamsana pa mayi wawo ngati pachulu, kuchoka apo n'kulumphira kunja, Nasiwale akuwalandira. Potsiriza Nabiyeni anadzikoka n'kutuluka, nthenga zonse zitamata pathupi, akuoneka ngati nkhuku yososoledwa kale. Sanayambe wadzikung'untha. Anakakhala padzuwa, n'kuwalowetsa onse asanu pansi pa mapiko mpaka kunjenjemera kunatha.

Nasiwale anaima chapatali, mutu uli pansi. "Ndikanawapha ana a achimwene anga. Nditukwaneni, alamu, ndikuyenera."

Nabiyeni anatsegula pakamwa kuti ayambe, koma nthawi yomweyo Kamtedza anasuzumira pansi pa phiko. Maso ake anali mbee, mphuno zotseguka, akupuma bwinobwino kwa nthawi yoyamba.

"Amayi, kani muli ndi mawanga okongola chonchi? Sindinkawaona."

Nabiyeni anaseka misozi ili m'maso. "Alamu, bwerani mukhale mbali iyi, muwatchinge mphepo. Inu mumadziwa madzi, ine ndimadziwa ana. Tikanafunsana kale, bwenzi ine ndisanasambe lero."

Ine zonsezi ndinazipeza zitatha, nditabwera kudzathyola mpiru, koma munthu amene anakhoza bwino za ulimi kusekondale sachita kuuzidwa kawiri. Beseni lija ndinalivundikira. Ndinatenga chiwaya chakale chosazama, ndinathiramo madzi ongokwana kuviika mutu, n'kuikamo zidutswa za njerwa zoti anawo azipondapo potuluka. Madzi ndimasintha m'mawa uliwonse, madeya ndimanyowetsa pang'ono, ndipo m'khola ndimayala utuchi wouma kuti akasamba azigona pofunda.

Kuyambira pamenepo Nasiwale ndiye ankaphunzitsa kusambira, Nabiyeni ali pambali kuwerengetsa mitu ndi kuitana aliyense amene wayamba kunjenjemera. Nthenga zenizeni zitamera, anawo anayamba kudzipaka okha mafuta, ndipo ndinawakumbira kadziwe kotsetsereka bwino pafupi ndi nthochi. Onse asanu anakula. Nkhono zonse za m'dimba anazitha, ndipo ngati ku Chinamwali kuli abakha onenepa kuposa amenewa, mwini wake sanabwere kudzandionetsa. Kamtedza lero ndi chibakha chachikulu choti vumbwe angachiganizire kawiri, koma mvula ikamagunda amathamangirabe kwa Nabiyeni, n'kubisa mutu wokha pansi pa phiko, thupi lonse lili panja.

Phunziro: Kukonda mwana sikum'mana chimene iwe ukuchiopa, komanso sikum'ponya m'chimene iwe unachizolowera. Wolera ndi wachibale akamamverana, mwana amapeza madzi omuyenera msinkhu wake.