Atatu Pakhomo pa Velina

Kalekale, msewu wa phula usanafike kwathu kuno, kunali anthu atatu amene anadzipereka kuthandiza anthu ovulazidwa ndi achifwamba. Malipiro? Ngakhale sopo, abale anga, sankalandira. Lufeyo anali ndi njinga yokhayo m'deralo. Enelesi anali mayi wodziwa kukhala phee pambali pa munthu wolira. Tchale ankadziwa khomo la polisi ndi la khoti, ndipo pakamwa pake panalibe mantha.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mayi wamasiye dzina lake Velina ankathirira tomato m'dimba mwake. Analibe mwana, analibe mlongo, moyo wake wonse unali dimba limenelo. Kunatulukira munthu kudzalanda pampu yothirira. Velina anaikakamira, munthu uja anasolola chikwanje n'kumukhapa dzanja lamanja.

Lufeyo ndiye anamupeza. Anang'amba malaya ake, anamanga balalo, anamukweza panjinga n'kupalasa maola atatu mpaka kuchipatala. Magazi atafunika anapereka ake. Dzanja madokotala analidula, koma moyo unatsala.

Enelesi anakhala naye miyezi iwiri, kumusambitsa, kumuphikira, kumuthirira tomato ndi ndowa. Kenako tsiku lina Velina anati, "Achemwali, nkhope ndinaiona. Ndi Gomiwa, wa dimba loyandikana ndi langa. Koma chonde musauze munthu. Abale ake ndi ambiri, ine ndili ndekha." Enelesi analumbira. Koma ataona Gomiwa akuzemberera dimba la mayi wina wamasiye, mtima unakana, anakauza Tchale.

Tchale sanachedwe. "Mayi, musaope," anatero kwa Velina. "Mlandu suola. Inu mudzangoima m'khoti n'kunena zimene munaona." Gomiwa anamangidwa, anthu anaomba m'manja. Ha, kufulumira kuomba m'manja! Patangotha masabata awiri munthu anatuluka pa belo, ndipo mwala wonolera chikwanje anaupeza kuti? Panjira yodutsa pakhomo pa Velina. Mlandu unaimitsidwa kanayi. M'mawa wina Velina anapeza nkhuku zake zonse zili pakhonde, zopanda mitu.

Lufeyo ataona nkhukuzo anati, "Mayi, mawa ndinu. Kwerani." Anamuolotsa mtsinje n'kukamubisa kwa mlongo wake wa Lufeyoyo. Sanauze Enelesi, sanauze Tchale, pakuti anali atasiya kukhulupirira pakamwa pa anzakewo. Kalata yoitana mboni inafika, Tchale anayendayenda nayo mudzi wonse, mboni osapezeka. Khoti linathetsa mlandu. Gomiwa anagwetsa mpanda, anakokera mizere yake m'dimba la Velina, akuti mwini wake analithawa. Wotsutsa panalibe, aliyense ankaganiza za manja ake.

Mvula itatha Velina anabwerera. Anafika kudimba, anaima, anaona kabichi wa Gomiwa ali biriwiri. Sanalire. Anapita kunyumba kwake n'kudzitsekera.

Atatu aja anabwera ndi ufa ndi nyemba. Anaodira, chitseko osatseguka. Mawu anachokera m'kati: "A Enelesi, ndinakupatsani chinsinsi, munachitaya panjira. A Tchale, munati ndisaope, inu mukugona kwanu. A Lufeyo, munandibisa tsiku limene ndinayenera kuoneka. Mukanandisiya m'dimba muja, bwenzi nditafera pa changa. Alowe mmodzi yekha, amene sanandilakwire. Apo ayi, chakudya chanucho sindilawa."

Enelesi anati, "Ndikanakhala chete, bwenzi mayi winayo alibenso dzanja. Koma kulumbira ndinalumbiradi."

Tchale anati, "Ndinayenda njira ya lamulo. Kodi belo ndinapereka ndine? Komabe nkhuku zija zinafera mawu anga."

Lufeyo anangoyang'ana pansi. "Ine ndinafuna akhale moyo basi," anatero. "Koma dimba lapita pa njinga yanga."

Aliyense ankakankhira mnzake kutsogolo, ndipo palibe anapondapo pakhonde. Anaganiza zothyola chitseko, koma munthu amene walandidwa zonse, umulandenso chitseko chake? Akulu anati chifundo chinapha nkhwali, koma apa nkhwali ili panja ndi ufa, amene akufa ali m'nyumba. Ine nkhani imeneyi imandiwawa, ndipo musandiyang'ane ngati ndili ndi yankho, ndilibe.

Linakwana tsiku lachinayi. Atatu aja ali pabwalo, ufa uli pansi, mawu m'nyumbamo ayamba kuchepa, ndipo kudimba kukumveka pampu ikuthirira kabichi.

Tsono inu mwakhala apa mukupukusa mitu, weruzani msanga munthu asanafe: mwa Lufeyo, Enelesi ndi Tchale, ndani anyamule ufawo n'kunena pakhomo paja kuti, "Tsegulani mayi, ine sindinakulakwireni"?