Utoto pa Mlatho wa Kumsika

Panali bambo wina, kapitawo wa khonsolo, m'tauni ina yodulidwa pakati ndi mtsinje. Nyumba zinali tsidya lino, msika tsidya lija. Pakati panali mlatho wamatabwa, wokalamba, wolira munthu akauponda.

Chaka china khonsolo inakweza msonkho wa pamsika. Amayi a tomato anadandaula, a usipa anadandaula, koma akuluakulu anati, "Pirirani, tikukonzerani mlatho." Anthu anapirira. Ena anayamba kumwa tiyi wopanda shuga. Matabwa atsopano anabweradi, ndipo anaperekedwa m'manja mwa kapitawo uja.

Iye atawaona, mtima unamuyabwa. Anawagulitsa kwa mmisiri wina wokhoma mabokosi a maliro. Kenako anagula utoto wobiriwira n'kupaka pa matabwa akale aja, amene chiswe chinali chitawadya m'kati. Mlatho unawala. Tsiku lotsegulira amayi anavina, nthungululu kuti wee, akuyamika kuti msonkho wawo wagwira ntchito.

Kuyambira pamenepo, m'tauni monse woopa mlathowo anali mmodzi yekha, mwini wake utoto. Anthu ankawoloka akuseka, madengu pamutu. Iye ankazungulira kukawolokera pamlatho wa kumsewu waukulu, kutali, n'kumanamizira kuti adokotala anamuuza aziyenda pansi. Akamva njinga ya makala ikugunda pamatabwa, ankatseka makutu. Kumwamba kukada, chakudya sichinkatsika. Kuulula, ankaopa ndende. Kukhala chete, ankaopa maliro. Ndiye ankangoti, "Mawa."

Tsiku lina masana kunagwa chimvula. Mtsinje unadzaza, madzi ofiira akunyambita matabwa. Kapitawo anakumbukira kuti mkazi wake wapita kumsika kukagula ndiwo. Anathamanga kudzera kumsewu kuja, mtima uli m'mwamba. Anafika mvula itakata, anthu atayamba kale kuwoloka, mkazi wake ali pafupi kuponda thabwa loyamba. Anamugwira chitenje.

"Amake Tereza, tiyeni tidzere kumsewu."

"Iii, bambo, ndi katundu yenseyu? Si mlatho munakonza nokha uwu?"

"Ndati tiyeni," ananong'ona, dzanja litakanirira pachitenje.

Kumbuyo kwawo kunali Nachisale, wogulitsa usipa, mwana ali kumsana. Analiona dzanja lija. Anaona thukuta pankhope ya munthu, kunja kukuzizira.

"Akapitawo," anatero, "anuwo mwawagwira. Nanga ife, tiwoloke?"

Kapitawo anayang'ana khanda linali mtulo pamsana paja. Anayang'ana anthu amene anali kale pakati pa mlatho. Mawu oona anafika pakhosi, koma anaonanso chitseko cha ndende.

"Wolokani, mayi. Ndi wolimba."

Koma dzanja lake silinasiye chitenje chija. Nachisale anatula dengu pansi n'kukuwa, "Chokanipo pamlathopo! Mwini wake akuwuopa!"

Anthu anathamanga, ena kutsogolo, ena kumbuyo. Womaliza, bambo wa makala, anasiya njinga n'kudumphira kumtunda. Matabwa sanachite ngakhale phokoso. Anangonyenyeka ngati chigumu chouma, njinga ndi makala n'kupita ndi madzi. Chotsala chinali chidutswa cha thabwa, kunja kobiriwira, m'kati fumbi lokhalokha.

Panalibe amene anatukwana. Onse anangotembenuka n'kumuyang'ana kapitawo uja. Mkazi wake anachotsa dzanja lija pachitenje chake pang'onopang'ono, n'kukaima pambali pa Nachisale.

Abale anga, sindichulutsa mawu, ntchito zikutidikira. Msonkho tiyenera kupereka, zimenezo sindikana. Koma wopereka sapereka ndalama yokha ayi. Amapereka phazi lake, kuti mawa akaponde popanda mantha. Iwe amene walandira, kaya uli kukhonsolo, kaya umasunga thumba la mpingo, kaya la banki m'khonde, miyoyo ya anthu ili m'manja mwako. Tchimo lobisika limayamba ndi kukudya iwe mwini, anzako akugona tulo tabwino. Ndipo tsiku la madzi likafika, pakamwa pako pakhoza kunama, koma dzanja lako lidzakuulula. Anthu umawapusitsa ndi zowala. Mulungu amadziwa za m'kati mwa thabwa. Ngati pali pamene wapaka pamwamba pa zowola, usanene kuti mawa. Nena lero, pamlathopo padakali anthu amoyo.