Galu wa Kuseri kwa Mpanda

Panali munthu wina wokonza njinga m'katauni kena ka m'mbali mwa njanji. Ankakhala yekha. Pakhomo pake panali mphaka mmodzi wotuwa, dzina lake Phulusa. Anamutola ali kamwana m'ngalande nthawi ya dzinja, n'kumulera mpaka kukula. Madzulo aliwonse akamaweruka, mphakayo ankamudikira pamwamba pa mpanda.

Kuseri kwa mpandawo, umene unali wa udzu, kunkakhala mayi wina wogulitsa nthochi kusiteshoni. Anali atakhalako chaka chimodzi, koma sankacheza ndi aliyense. Anali ndi galu wamkulu wofiirira, dzina lake Ukaziputa. Anthu ambiri ankamudziwa ndi mawu okha. Akauwa, ngakhale ogulitsa makala ankalambalala khomo limenelo.

Loweruka lina masana, munthu uja anabwerera kunyumba kudzatenga sipanala imene anaiwala. Asanalowe, anamva kulira kwa mphaka. Anathamangira kuseri. Anapeza galu uja, chingwe chake chili choduka, ataboola mpanda, ndipo atagwira Phulusa mwendo wakumbuyo. Ankamupukusa ngati nsanza. Panalibe ndodo pafupi. Munthuyo ananyamula ndowa ya madzi n'kumukhuthulira galuyo kumaso. Galu anataya mphaka, ndipo patapita kanthawi anabwerera kwawo kudzera pabowo lomwelo.

Munthuyo anakulunga mphaka m'chiguduli, anamuika m'dengu, n'kupalasa njinga kupita kwa mlangizi wa ziweto. Mlangiziyo anatsuka bala n'kulisoka. Anati fupa lathyoka, ndipo mphakayo akachira azidzatsimphina moyo wake wonse. Anafunsanso ngati galuyo analandira katemera wa chiwewe. Munthuyo sanadziwe.

Nkhani inafika pamsika dzuwa lisanalowe. Aliyense anali ndi nzeru yake. Wina anati akatukwane mayiyo mpaka asamuke. Wina anati apite kupolisi. Wogulitsa nyama anamukokera pambali, anamupatsa kachidutswa ka chiwindi ndi mankhwala a makoswe okulunga m'pepala.

"Achimwene, musadzivutitse," anatero. "Ponyani kuseri. Mawa kukacha nkhani yatha."

Munthuyo analandira. Musamuyese mngelo ayi. Anali ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unali ndi chifukwa. Atafika kunyumba anayang'ana mphaka wake ali gone pachiguduli, akupumira m'mwamba, ndipo anayamba kumasula pepala lija.

Koma panali kanthu kamene kankamuzunguza mutu. Anakumbukira kuti pamene anakhuthula madzi aja, galuyo sanathawe nthawi yomweyo. Anaima, anaweramitsa mutu, n'kuyamba kunyambita madziwo padothi. Mphaka, mdani wake, ali pomwepo, mwini khomo akukuwa, iye kunyambita matope. Kodi galu wokhala ndi mbuyake amafika pa ludzu lotere? Anakumbukiranso kuti galuyo ankayenda mutu uli chopendekeka, ndipo podutsa pafupi naye anasiya fungo loipa, ngati la chinthu chowola.

Anakulunganso pepala lija n'kuliika pamwamba pa khoma. Mumtima anati: galuyu sathawa. Ndiyambe ndaona.

Mayi uja anali atatseka bowo lija ndi lata lakale, koma m'mbali munatsala kampata. M'mawa mwake munthuyo anakhala pa njerwa n'kusuzumira. Galu anali gone pansi pa mtengo wa mango, chidutswa cha chingwe chikulendewera m'khosi. Ntchentche zinali ng'waa pakhosipo. Pafupi naye panali beseni lakale, louma gwa, mutadzaza masamba.

Kenaka chitseko cha nyumba chinatseguka pang'ono. Panatuluka dzanja lokha. Dzanjalo linaponya mkute kutali, cha kukona ya mpanda. Galu atathamangira chakudyacho, mayiyo anatuluka ndi dengu lake la nthochi, anathamanga mpaka pageti, anatuluka, n'kutseka msangamsanga. Ali panja anaima kaye, dzanja lili pachifuwa.

Tsiku lachiwiri zinachitika chimodzimodzi. Tsiku lachitatunso chimodzimodzi. Madzulo mayiyo ankabwera atasungira galuyo kanthu koponya kuti apeze mpata wolowera m'nyumba mwake. Zovala ankayanika mkati. Pakhonde pake panamera udzu.

Tsiku lachinayi munthuyo anaweruka msanga. Anaika Phulusa m'dengu, n'kukakhala m'mbali mwa msewu, pafupi ndi geti ya mayiyo. Mayiyo atatulukira n'kuona mphaka womangidwa mwendo, anatula dengu lake pansi.

"Pepani, a neba," anatero. "Ndimati ndibwere, koma manyazi anandigwira. Nenani chimene mukufuna, ine ndilibe mawu."

"Mphaka wanga wapweteka, mayi, ndipo mtima wandiwawa. Zimenezo sindibisa," anayankha munthuyo. "Koma lero sindinabwere ndi mlandu. Ndabwera ndi funso. Galuyu ndi wanu. Nanga bwanji mumamuthawa?"

Mayiyo anapinda mkono wa bulauzi yake n'kumuonetsa zipsera zinayi pamwamba pa dzanja.

Anafotokoza kuti banja lake litatha, mchimwene wake ndiye anamupezera nyumbayo. Poopa akuba, mchimweneyo anabweretsa kagalu, anakamanga waya m'khosi, n'kulumikiza chingwe kumtengo. Analamula kuti asamakagwire kapena kusewera nako, kuti kakule kolusa. Atatero ananyamuka ulendo wa ku Joni. Galu anakula, koma waya sanakule. Mayiyo ataona kuti khosi layamba kutupa, anayesa kumasula. Atangokhudza pachilondapo, galu anamuluma. Kuyambira tsiku limenelo sanayandikirenso. Madzi ankangowaza ali patali, ndipo chingwe chitaduka anasiyiratu. Sanauze munthu. Ankaopa kusekedwa, komanso ankaopa kuti akuba akamva kuti mwini khomo ndi galu wake sagwirizana, adzalowa masana.

Munthuyo anangoti, "Mawa musapite kusiteshoni."

Kutacha anabwera ndi mlangizi wa ziweto uja. Anakola galuyo ndi ukonde, ndipo mlangizi anamubaya jakisoni wogonetsa. Atagona, anapatula ubweya wa m'khosi. Waya sankaoneka. Anali atalowa m'mnofu kuzungulira khosi lonse, ndipo malo ena munali mphutsi. Mayiyo anatembenuka n'kuyamba kulira. Mlangizi anati alibe chida chodulira waya wolimba chotero.

Wokonza njinga uja anagwada pansi. Anatulutsa pulayala m'thumba la ovolosi yake. Anaika dzanja lake pamutu pa galu amene anathyola mwendo wa mphaka wake, anafufuza ndi chala mpaka anapeza pamene waya anapotedwa, n'kudula. Anamusolola pang'onopang'ono, monga amasololera sipoko yopindika. Mlangizi anatsuka chilondacho, anathira mankhwala, n'kupereka katemera. Munthuyo atabwerera kwake, anatenga pepala lija pamwamba pa khoma n'kukaliponya m'chimbudzi.

Sabata yotsatira anthu awiriwo anagwetsa mpanda wa udzu n'kumanga wina wa nsungwi zothithikana, kuti pasapezekenso podutsa.

Sindikuuzani kuti galuyo anasanduka nkhosa. Ankauwabe alendo, ndipo amphaka sanawakonde mpaka kufa kwake. Phulusa anachira, koma ankatsimphina, ndipo sankapitanso mbali imeneyo. Chimene chinasintha n'chakuti patatha mwezi, anthu odutsa anayamba kuona mayi uja atakhala pakhonde pake masana, akusankha nyemba, galu ali gone chapatali pang'ono. Tsiku lina anatambasula dzanja lomwe lija la zipsera n'kumukhudza pamutu. Galuyo sanachite kanthu. Anangotseka maso.

Tsopano inu amene mukundimvera, taganizani. Munthuyu akanaponya chiwindi chija, ndani akanamudzudzula? Msika wonse ukanati wachita bwino. Galu akanafa, waya ali m'khosi, ndipo palibe akanadziwa. Mayi uja akanapeza mtembo m'mawa, akanazindikira amene wachita, ndipo makomo awiriwo sakanapatsananso moni.

Sindikunena kuti mukalumidwa muzingosekerera. Chanu chitetezeni. Bala lanu litchuleni poyera, monga anachitira munthuyu, ndipo mpanda wanu mangani wolimba. Koma pakati pa kulumidwa ndi kubwezera pali kampata kakang'ono, ndipo ambiri a ife timakadumpha. Tonse tili naye wina amene amatiluma: mwina mpongozi, mwina mnzathu wa kuntchito, mwina mwana wathu weniweni amene masiku ano sayankhulika. Timadziwa bwino kukula kwa mano ake. Timatha kufotokoza tsiku ndi ola limene anatiluma.

Koma ndikufunseni, ndipo musandiyankhe pano. Munthu ameneyo, munayamba mwakhalapo pansi n'kumufunsa kuti akumva kuwawa pati?