Mpira wa Bitoni m'ndowa ya madzi

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu wa ku esiteti usanaone phula, munali munthu wina dzina lake Bitoni Namaona. Ameneyu anali malume a bambo anga. Inu amene mumakangana tsiku ndi tsiku kuti osewera akale ndi amakono woposa ndani, tcherani khutu.

Bitoni ankasewera pakati m'timu ya esiteti ya tiyi. Zigoli sankamwetsa ayi. Ntchito yake inali kugawa. Akalandira mpira amaima, amayang'ana uku, amayang'ana uko, kenako amautumiza pa phazi penipeni pa mnzake. Ndipo mpira wa masiku amenewo mukuudziwa? Wachikopa, womanga ndi zingwe. Ukanyowa unkalemera ngati dzungu. Nsapato? Nsapato za chiyani? Bitoni ankamenya ndi phazi lakelo, la ming'alu.

Anali katswiri, zimenezo sitikana. Vuto lake linali limodzi: atasiya kusewera, pakamwa sipanasiye. Loweruka lililonse amaima m'mbali mwa bwalo, manja kumbuyo. "Awa ndi osewera awa? Kuthamanga kokhakokha ngati aba nkhuku! Ife m'nthawi yathu..." Anthu amangoti ayamba a Bitoni.

Tsono mlongo wake, Nasimeti, anali ndi mwana, Sitefano, amene anadzakhala bambo anga. Nayenso ankasewera pakati, koma m'nyengo ya mipira yopepuka ndi nsapato. Iye sankaima. Mpira ukabwera, kukhudza kamodzi, wapita. Kukhudza kamodzi, wapita. Anthu ankamukonda, ndipo kukondako ndi kumene kunkamupweteka Bitoni.

Tsiku lina kunabwera munthu wa timu ina ya ku Blantyre, wovala jekete dzuwa lili phwee. Anaonerera masewero, n'kupita kwa Nasimeti. "Mayi, mwanayu tipatseni. Timupezera ntchito ku kampani, azisewera kwathu."

Nanga kwathu kuno mayi angangovomera yekha? Bambo angavomere? Ayi. Mwana ndi wa malume. Nasimeti anati, "Dikirani achimwene, eni mbumba."

Bitoni anabwera, anamvetsera, n'kuseka. "Mukufuna wogawa mipira? Ndimuyese kaye. Akapambana, mutengeni. Akalephera, asakatichititse manyazi m'tauni."

Analowa m'nyumba, anatsitsa mpira wake wakale umene ankausunga kudenga. Anaupopa, anauviika m'ndowa ya madzi kuyambira m'mawa mpaka masana. Kenako anagoneka dengu lothyolera tiyi pa mtunda wa mayadi makumi anayi.

"Vula nsapatozo. Ulowetse m'dengumo. Ndakupatsa katatu. Ine ndinkalowetsa nditatsinzina."

Sitefano anati, "Malume, mpira umenewu sindinaumenyepo."

"Mpira ndi mpira."

Mlendo uja anayesa kulankhula. "Bambo, ife sitisewera ndi zimenezi." Bitoni sanamuyang'ane n'komwe.

Koyamba, mpira unangogubuduka pang'ono n'kuima. Kachiwiri, unapita kumbali. Kachitatu Sitefano anaika mphamvu zonse, ndipo chala chachikulu chinakumana ndi mfundo ya zingwe zija. Anthu anamva thyo! Mnyamata anakhala pansi, atagwira phazi, osalira.

"Mwaona?" anatero Bitoni. "Ana amakono."

Mlendo anatenga chipewa chake, n'kukakwera basi ya madzulo.

Panapita masabata awiri. Loweruka, Bitoni anaima pamalo pake paja m'mbali mwa bwalo, osewera akutenthetsa thupi. Mpira watsopano unagubuduka n'kudzaima pa mapazi ake. Wina anakuwa, "Aonetseni, a Bitoni! Mupatseni uyo wa kumapiko uyo!"

Akanakana? Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, miyendo ikadali yolimba, anthu onse akuyang'ana, akanakana? Anapinda buluku. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, anamenya monga ankamenyera kale. Mpira unauluka, unadutsa wa kumapiko, unadutsa anthu, unakagwa m'munda wa tiyi. Anati phazi linaterereka. Anyamata anaubweretsa, iye anamenyanso. Unakagwanso m'tiyi. Kachitatu anaunyengerera, ndipo mphepo inaukhotetsa, unakagunda njinga ya kapitawo.

Anthu anaseka. Anaseka mpaka ena kukhala pansi. Bitoni anatola mpirawo, anauyeza m'manja, anaufinya, anauyezanso. Anangoti, "Chinthuchi sichimvera." Wina kumbuyo anayankha, "Sitefano chimamumvera."

Madzulo omwewo anapita kwa mlongo wake. Anakhala pakhonde, mutu pansi. "Mlongo, mwana uja ndinamulakwira."

Nasimeti sanasiye kupeta. "Mukamuuze mwini wakeyo. Ali mkatimu, phazi latupa."

Analowa, anapepesa. Sitefano anati, "Ndamva, malume." Mawu awiri basi. Bitoni anapempha mphunzitsi kuti amulembere kalata ya ku Blantyre. Yankho linabwera patatha mwezi: malo aja anatenga wina wa ku Zomba. Chala nacho chinapola chokhota, nsapato ya mpira sinkalowanso bwino.

Bambo anga anagwira ntchito youmitsa tiyi m'fakitale zaka makumi atatu. Malume awo sanawatukwanepo, ndipo pa maliro awo ananyamula nawo bokosi. Koma Loweruka lililonse, wezulo ikalira ku bwalo, iwo ankatenga khasu n'kutsikira kudimba. Ine ndinakula osadziwa kuti bambo anga ankasewera mpira. Ndinamva kwa anthu ena, ndili kale ndi ndevu, ndipo zinandiwawa.

N'chifukwa chake m'banja mwathu muno, wina akafunsa kuti wakale ndi wamakono woposa ndani, timayamba tamufunsa kuti ndi mpira uti, pa bwalo liti. Kukangana kanganani, pakamwa ndi panu. Koma iwe Lemani, ndi iwe Dokiso, alongo anu ali ndi ana tsopano. Tsiku lidzafika, mlendo adzakhala pa mpando, anthu onse adzayang'ana inu kuti eni mbumba anene. Tsiku limenelo mwana mudzamuyese ndi mpira wake, wanu usiyeni kudenga.