Dothi la Pachulu cha M'mbali mwa Ngalande

Panali munthu wina amene anachoka kwawo akali mnyamata, nakalowa ntchito kudziko lakutali, pa fakitale yopanga magetsi a nyukiliya. Fakitaleyo itakalamba, eni ake anaitseka nayamba kuiphwasula. Munthu uja anamuika m'gulu loyeza radiyeshoni, poizoni wosaoneka ndi wosanunkha amene malo otere amatha kusiya m'nthaka. Ntchito yawo inali kuona ngati poizoniyo angafike kwa anthu okhala pafupi.

Kunja kwa mpanda kunali timanyumba ta anthu akwawo, obwera kudzasaka maganyu. Mmodzi wa iwo anali mkazi wa mng'ono wake, ndipo anali woyembekezera. Monga amachitira amayi ambiri akwathu akakhala ndi pakati, ankalakalaka dothi. Iye ndi anzake ankakagumula chulu china m'mbali mwa ngalande yochokera m'fakitalemo.

"Alamu, mwayambanso kudya munda wa eni?" ankatero munthu uja.

"Nanga mwandigulira nyama inu, bwana wa makina?" ankayankha mlamuyo, dothi lili kukamwa.

Tsiku lina gulu lija linayeza ngalandeyo, ndipo linapezamo poizoni pang'ono. Mkulu wa gululo anati, "Wongodutsa pano sangavulale. Koma iwe ukuwadziwa anthu akwanuwa. Kodi pali njira imene dothi ili lingalowere m'matupi mwawo?"

Munthu uja anayang'ana anzake a ntchito. Zaka zonsezo anavutika kuti azimuona ngati mmodzi wa iwo. Anaganiza za phwete limene akanaseka pomva kuti akazi akwawo amadya chulu.

"Palibe, bwana," iye anatero. "Iwowa salima pano, sawedza."

Choncho malowo sanawatchinge, ndipo dothilo sanalichotse.

Poweruka anapita yekha kukachenjeza mlamu wake. Mlamuyo anangoseka. "Pakanakhala poopsa si bwenzi mabwana anu atatchinga? Musandimane ndiwo zanga, alamu." Anapitiriza kudya, pa mimba imeneyo ndi pa yotsatira.

Patapita zaka mayiyo anadwala, nafooka, namwalira. Madokotala anati mwina linali dothi lija, mwinanso ayi. Panalibe akanatha kutsimikiza. Maliro anachitikira kuchilendo komweko, opanda abale okwanira kunyamula bokosi mosinthana. Pobwera kumanda mng'ono uja anafunsa, osati mokalipa, "Achimwene, paja munayeza ndinu. Panali bwinobwino, eti?"



Inu amene mukundimva, makina amayeza nthaka, koma sadziwa chimene anthu amaika m'kamwa. Amadziwa ndi inuyo, amene munakula nawo. Wina akadzakufunsani mmene anthu anu amakhalira kuti awateteze, mudzanene zonse, ndi zokuchititsani manyazi zomwe. Akafuna kuseka adzaseke. Kusekako kukanatha tsiku lomwelo, koma funso la mng'ono wake munthu uja anakalamba nalo.