Munthu Amene Anati Musavutike

Panali munthu wina, dzina lake a Chatuluka, amene anaphunzitsa ana a pulayimale kwa zaka makumi awiri ndi zisanu kwawo ku Ntcheu. Mkazi wawo atamwalira, mwayi wa mapepala opitira ku Amereka unawagwera. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali atakula kale, choncho malamulo sanamulole kutsagana nawo. Ananyamuka okha, imvi zili mbuu.

Mzinda umene anafikira sunali waukulu ngati ija timaonera pa kanema. Unali ndi mtsinje pakati, mafakitale m'mbali, ndi mabasi odutsa kamodzi pa ola. Basi ikakusiya, yakusiya. Palibe wa kabaza woti ungamukodole. Ntchito anaipeza pa fakitale yochapa nsalu za m'zipatala. Makina ankachapa, makina ankaumitsa, iwo yawo inali kupinda. Manja amene anazolowera choko anayamba kupinda nsalu zoyala pabedi, chiimire, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sanadandaule. Ankati chochititsa manyazi ndi kuba.

Ngakhale anali mphunzitsi, anabwerera m'kalasi. Anaphunzira kuti mzungu akafunsa kuti muli bwanji saima kuti amve yankho. Anaphunzira kuyenda pa madzi oundana ngati bilimankhwe. Anaphunzira kuti mpiru umapezeka m'sitolo ina yakumapeto kwa mzinda, mabasi awiri kupita, awiri kubwera.

Mumzindamo munali Amalawi, mabanja ngati makumi awiri. Amene anawalandira pabwalo la ndege ndi kuwapezera chipinda m'nyumba yosanja anali Layisoni wa ku Balaka ndi mkazi wake Esinati. Layisoni ankagwira ntchito ziwiri, ina yosamalira okalamba, ina yonyamula katundu. Anali munthu wabwino. Pasakhale wina wonena kuti anali woipa.

Loweruka lina a Chatuluka atapuma ntchito, anasita malaya, nayenda wapansi kukaona Layisoni ndi Esinati, amene ankawatenga ngati ana awo. Anafika dzuwa litakwera, naima pakhomo.

"Odi kuno! Eni ake alipo, kapena anathawa kuzizira?"

Panapita nthawi. Esinati anatsegula chitseko, maso ali ofiira, chitenje chili m'khosi. Onse awiri anali ataweruka m'mawa womwewo. Komabe anawalandira, anawiritsa tiyi, anacheza, anaseka. Powabweza pa galimoto ndi pamene Layisoni anakhosomola kaye.

"Madala, musandimve molakwa. Kuno ndi kwa eni. Munthu amayamba waimba foni, kufunsa ngati angabwere."

"Ngakhale kwa mwana wako?"

"Ngakhale kwa amene unagona naye mimba imodzi."

"Ndiye mlendo wa kuno amapempha kaye kuti akhale mlendo?"

Anaseka onse. Koma a Chatuluka manyazi anawalowa mpaka m'mafupa. "Mwandiphunzitsa, mwana wanga," anatero. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pa munthu asanaitanidwe. Anthu ankawaona Lamulungu masana, m'chipinda chimene Amalawi ankabwereka pa tchalitchi china kuti aziimba nyimbo za kwawo. Ankafika woyamba, nasanja mipando.

Chaka chachiwiri kunazizira kwambiri. Lachinayi lina anadzuka m'chifuwa muli ngati mwaikidwa mwala. Anaimbira kapitawo wawo wa kuntchito, monga mwa lamulo, kuti sabwera mpaka Lolemba. Anawiritsa mandimu, nagona. Ankayesa ndi chimfine, pomwe chinali chibayo. Lachisanu sanadye. Loweruka anayenda chogwira khoma. Foni inali pambali pa pilo, ndipo manambala onse analimo. Koma kwathu wodwala saitana omuzonda. Amagona, anthu nkuona okha kuti pakhomo paja lero sipanasesedwe. Kuimbira munthu wa ntchito ziwiri kuti dzandioneni, pakamwa pawo sipakanatha.

Anadziuza kuti Lamulungu anzawo a kutchalitchi adzadziwa. Mipando idzawauza.

Ndipo anadziwadi. Lamulungu madzulo, dzuwa lisanalowe, a Chatuluka anamva galimoto ikulowa pabwalo la nyumba yosanja ija. Anaizindikira, chifukwa galimoto ya Layisoni inkalira ngati chigayo. Mtima wawo unakhala pansi. Anadzikoka kuchoka pabedi. Munthu salandira alendo ali ndi malaya ogonera, choncho anavala jekete, namanga mabatani onse. Anayala bulangete bwinobwino. Anatsuka makapu awiri, nawaika patebulo. Anafika pachitseko akupuma ngati wakwera phiri, nachotsa loko kuti anawo asadikire panja. Kenako anakhala pampando, maso pachitseko, kumvetsera mapazi pa masitepe.

Mapazi sanamveke. Chimene chinalira ndi foni.

"Madala! Mwatithawa lero? Mipando tasanja tokha, yakhota yonse."

"Aa, nkhalamba nayo imafuna tchuti."

"Koma mawu anu bwanji? Tili pansi pompano ndi Esinati, watenga phala m'fulasiki. Tikwere, kapena mukupuma?"

A Chatuluka anayang'ana makapu aja. Anayankha monga anayankhira atate awo, monga anayankhira agogo awo.

"Musavutike, ana anga. Ndi kachimfine chabe."

Kwathu mawu amenewa si kukana. Mlendo ukamupatsa chakudya amati musavutike, iwe uli kale ndi madzi osamba m'manja. Wosenza katundu amati musavutike, iwe nkumulanda mtolo. Wodwala amanena mawuwa kuti asaoneke wopempha, ndipo womuzonda amawaponda nkulowa, kuti wodwalayo athandizidwe ulemu wake uli wonse. A Chatuluka anali atachita mbali yawo. Anadikira kuti Layisoni achite yake, anene kuti ayi madala, tikubwera basi.

Chapatali anamva mawu a Esinati.

"Bambo a kunyumba, mawu awo sakundisangalatsa ine. Tiyeni tingowaona."

"Munthu wamkulu wanena yekha. Tisamukakamize, mayi. Wodwala amafuna mtendere." Kenako mawu anayandikira. "Chabwino madala, pumani. Mukafuna kanthu, muimbe nthawi ina iliyonse. Mwamva?"

"Ndamva. Muyende bwino."

Chigayo chija chinaliranso, chinazungulira pabwalo, phokoso lake nkumachepa mpaka kutha. A Chatuluka sanakwiye. Anaganiza kuti anawo atopa, ndipo mawa m'mawa alowa ntchito. Anaganiza zobwerera pabedi, koma bedi linaoneka kutali. Anati apume kaye pang'ono pampando pomwepo.

Lolemba sanafike kuntchito, ndipo sanaimbe. Lachiwiri chimodzimodzi. Kapitawo uja, mayi wachizungu amene sanadziwe nkomwe kutchula bwino dzina lawo, anati munthu uyu sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Anaimba foni katatu, kenako anatuma apolisi. Apolisi sanavutike kuthyola chitseko. Anangokankha. Anawapeza ali pampando, atavala jekete, makapu awiri ali patebulo.

Uthenga utamveka, Amalawi anafika. Anafika mabanja onse makumi awiri, ndi ena ochokera m'mizinda yoyandikana. Anasiya ntchito, anadzaza chipinda, anadzaza masitepe mpaka pabwalo. Anaimba nyimbo mpaka anthu okhala m'zipinda zina anatuluka kudzaonerera. Pa anthu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayamba waimba foni kufunsa ngati angakwere. Esinati analira mpaka mawu kutha. Layisoni ndi amene anaperekeza thupi mpaka ku Ntcheu, ndipo kumanda anagwada pamaso pa mwana wa malemu, nati: "Ananena okha kuti tisavutike." Mwanayo anayang'ana kumbali. Anaopa zimene zikanatuluka pakamwa pake.

Tsono inu amene muli kunjako, ndi inu amene mukusita zovala kuti munyamuke, tcherani khutu. Za eni dziko phunzirani. Sungani nthawi yawo, imani pamzere pawo, musawasokoneze tulo. Iwo amafunsa chifukwa kwawo wofunsidwa amanena zimene akufuna, ndipo zimawayendera. Koma inu munatenga funso la eni dziko nkukalifunsa munthu wa kwanu. Iye anakuyankhani Chichewa, inu munamva ndi makutu obwereka. Pakati pamenepo ndi pamene munthu anagwera, inu muli pansi pa windo lake ndi phala lotentha.

Nyimbo zanu zinali zabwino, bokosi linali lokongola, ndipo tinathokoza monga mwa mwambo. Koma musadzitonthoze nazo. Maliro aliyense amawadziwa njira. Lero lino pali wina mumzinda mwanumo amene simunamuone pamene mumayenera kumuona, ndipo dzina lake labwera kale m'mutu mwanu. Akakuuzani kuti musavutike, vutikani. Kwerani masitepewo, gogodani mpaka muone nkhope yake. Akakwiya kuti mwamudzidzimutsa, mupepesa. Munthu wokwiya ndi wamoyo.